Opaleshoni Yopanda Bala

"Kwezani malaya tione, a Fakiri," anatero a Bakari, atadzikhazika kale pampando wa mwini nyumba. "Anthu tasiya ntchito kudzazonda. Tisangoona nkhope yokha."

Khonde lathu linali litadzaza. Tinali titangofika dzulo lake kuchokera ku Blantyre, fumbi la basi ya ku Salima lisanachoke m'makutu, koma mbiri inali itazungulira kale Nkhotakota yense kuti amuna anga, a Fakiri okhoma mabwato, abwerako ku opaleshoni. Abambo anakhala pakhonde, amayi pamphasa pansi pa mango. Ena anabwera ndi mpunga m'timadengu, ena nthochi, mayi wina nkhuku yomanga miyendo. Kwathu kuno munthu akachokera ku mpeni sazondedwa ndi mawu okha ayi. Amaonetsa. Anthu amafuna aone pamene adokotala anadula, awerenge mfundo za ulusi, apukuse mitu n'kunena kuti Mulungu ndi wamkulu, ndipo tiyi amabwera zimenezi zitatha.

Amene anaukuza mwambo umenewu anali a Bakari omwewo. Zaka zingapo m'mbuyomo anawachotsa mwala m'chikhodzodzo, waukulu ngati dzira la bakha, n'kuwasiyira chipsera chochokera pamchombo kutsikira kumunsi. Panalibe munthu m'mudzi amene sanachione chipsera chimenecho. Pamaliro, paukwati, pamzere wa kusitolo, a Bakari ankangodikira wina atsokomole kuti iwo akweze mkanjo. Iwo ndi amuna anga anakulira limodzi, anaphunzira kwa mwalimu mmodzi, ndipo kuyambira paunyamata ankapikisana pa chilichonse, mpaka kutalika kwa ndevu.

Amuna anga anayang'ana pansi. "Sanandidule."

"Mwati bwanji?"

"Ndati sanandidule. Kwabwera njira yatsopano."

Ine Habiba ndinaliko, ndiye ndikhoza kufotokoza. Ululu unawayamba m'munsi mwa nthiti, kumanja. Munthu amene anadzikhomapo chala ndi nyundo osalira ankagubuduzika pansi, kusanza, akapita kukataya madzi n'kumataya ofiira. Achipatala cha pa boma anatitumiza ku Blantyre. Chinali chaka chimene ndalama ya kwacha inangoyamba kumene, ndipo ndimakumbukira kuti pa siteshoni ya sitima ku Salima ayufi anaimitsa munthu wopindika ndi ululu kumufunsa khadi la chipani, ine n'kuchita kupisa m'thumba mwawo kuti ndilitulutse.

Ku Blantyre anawajambula. Dokotala wake anali mzungu wamtali, ndipo amene ankatimasulira anali a Yoramu, bambo wofatsa wa ku Rumphi amene ankagwira naye ntchito. Dokotalayo anakweza chithunzi chakuda chija pawindo n'kumaloza ndi cholembera. Impso ya kumanzere, anatero, inafa kalekale. Likodzo la paubwana linaitsekera njira pang'onopang'ono mpaka inafota mwini wake osadziwa. Inatsala imodzi, ndipo kamwala kanali katakhala panjira yochokera ku impsoyo kupita kuchikhodzodzo, kumunsi kwenikweni. Atatero anationetsa chida chawo: kachitsulo kowonda, kosalala, kokhala ndi nyali kunsonga ndi kagalasi kosuzumirira. M'kati mwake ankadutsitsamo kawaya kamene kakafika pamwala kamatambasuka ngati kamono kogwirira nsomba, n'kuukola. Sipafunika mpeni. Kachitsuloko kamalowera njira imene mwamuna amatayira madzi.

Zinayenda bwino. Anawagonetsa tulo m'mawa, madzulo anali akupempha phala. Koma tisanatuluke, a Yoramu anandiitanira pambali, dokotala ali pomwepo.

"Mayi, mumvetsetse. Katsala kamwala kena m'kati mwa impso, kumtunda kumene kawaya sikafika. Kakamapeza madzi ambiri kakhala phee, mwinanso katuluka kokha. Kakapeza chilala kakula, katsika, n'kutseka. Ikatsekeka iyi, ina palibe. Azimwa madzi tsiku lonse, makamaka padzuwa, mpaka otaya azioneka oyera. Mwamva?"

Ndinamva. Amuna anga nawonso anamva, koma chimene chinawakhala m'mutu chinali china. Tili m'sitima pobwerera anandigwira mkono. "Mayi a Rahila, za kumene kanadzera kachitsulo kaja zithere m'sitima muno. Mukadzanena, mwandivula pagulu." Ndinangogwedeza mutu, poti ndinkaganiza za madzi.

Ndiye pakhonde paja a Bakari anasendeza mpando. "Chabwino, njira yatsopano. Nanga mwalawo anautulutsira pati?"

Pamphasa panali mlamu wanga wamkazi, panali mwana wathu Rahila amene anabwera kuchokera ku Benga, pakhonde panali mkamwini. Onse anatchera khutu. Amuna anga thukuta linatsika kuchokera pansi pa mzuli.

"Ali ndi nzeru zawo azungu," anatero.

"Nzeru tikudziwa. Ndikufunsa khomo."

Kuti athawe funsolo analowa m'nyumba n'kubwera ndi kabotolo kamene anatipatsa kuchipatala. Anakhuthulira kamwalako pachikhatho. Kanali kofiirira, kakang'ono ngati njere ya mpunga wosapuntha. A Bakari anaweramira pachikhathopo, anatsinzina diso limodzi, anafunsa kuti kali kuti. Kanayamba kuyenda m'manja, kwa uyu, kwa uyo, ndipo pofika kwa mkamwini wathu, amene manja ake ankanjenjemera ndi ulemu, kanagwa pansi. Thadzi langa lamawanga linali pomwepo. Linangojompha kamodzi.

Kenako a Bakari anawomba m'manja pang'onopang'ono.

"Basi, alihamudulilahi mwabwerako bwino. Nanga Blantyre ali bwanji? Akuti kuli nyumba zosanjikizana."

Anthu anaseka mpaka ena kupukuta misozi. Pobalalika, mayi wa nkhuku uja ndinamuona ndi maso angawa akuinyamulanso mwakachetechete n'kuibisa m'chitenje.

Pasanapite nthawi mwezi wa Ramazani unaoneka, mwezi umene timafunga, osadya osamwa mpaka dzuwa litalowa. Chaka chimenecho unagwa m'nyengo yotentha kwambiri, mvula isanayambe, pamene mchenga wa kugombe umawotcha mapazi ngakhale utavala nsapato. M'mawa wa tsiku loyamba ndinadzaza chigubu ndi madzi a mumtsuko n'kuchiika pakhomo pafupi ndi bokosi lawo la zida. Ananyamula bokosi, chigubu anachilumpha.

"Mwaiwala madzi, bambo a Rahila."

"Sindinaiwale. Ndafunga."

"Mwafunga? Inu? Inu ndinu wodwala!"

"Wanena ndani?"

"Dokotala!"

"Dokotala ali ku Blantyre. Ine ndimaswali kumzikiti ndi anthu a kuno."

Anapita. Ndinaima pakhomopo chigubu chili m'manja, mtima ukuwira. Ndakhala ndi a Fakiri kuyambira ndili mtsikana, ndipo liuma lawo ndimalidziwa. Anakanapo kukwera bwato la mnzawo n'kuyenda wapansi tsiku lonse chifukwa choti matabwa ake anakhomedwa mokhota. Koma apa sinali nkhani ya matabwa. Ndinafunda mpango n'kupita kwa a Shehe Ibrahimu.

A Shehe anali munthu wachifatse, wolankhula motsitsa. Anabwera madzulo ake dzuwa lisanalowe, anakhala pakhonde, n'kufotokoza zimene mwana aliyense wa kumadarasa amadziwa. Wodwala amaloledwa kumasula. Akachira amabweza masikuwo, ndipo ngati matenda ake ndi osachoka amadyetsa osauka m'malo mwake. Mulungu safuna kuti munthu adziwononge.

"Ndamva, a Shehe," anatero amuna anga mwaulemu wonse. "Koma wodwalayo ndi uti? Ndikuyenda, ndikukhoma, ndikugwada pa swala. A Bakari chaka chija anadya masana mwezi wonse, palibe anatsegula pakamwa, chifukwa mimba inali yosoka. Ine ndikamwa lero, mawa kumzikiti anena kuti Fakiri anapita ku Blantyre kukatenga chilolezo cha tiyi. Ayamba kale kunena."

"Kodi mumafungira Mulungu kapena a Bakari?" anafunsa a Shehe.

Amuna anga anasisita ndevu. "Mulungu amaona za m'kati, a Shehe. Ameneyo sindikumudandaula. Vuto ndi a Bakari."

A Shehe ananditembenukira n'kutambasula manja. Ndinalakalaka kuwatsanulira chigubu chija pamutu onse awiri.

Ndinayesa zonse. Dzuwa likalowa, asanakhudze futali, ndinkawaikira makapu a madzi pamzere n'kuima pambali mpaka amalize. Pa daku, chakudya cha m'bandakucha, chimodzimodzi. Ankamwa mpaka mimba kulimba, akung'ung'udza kuti ndikuwasandutsa mtsuko. Koma madzi a m'mawa dzuwa la kugombe linkawamaliza lisanafike pamutu. Ine mkazi wamkulu, wazidzukulu, ndinafika pomazemba kuseri kwa bafa iwo akatulukamo, kukaona mtundu wa zimene ataya. Zinayamba zachikasu. Kenako zinada ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo zinali zochepa. Ndinkachita manyazi, ndinkachita mantha, koma koposa zonse ndinkapsa mtima kuti munthu anachotsedwa pakamwa pa imfa popanda ngakhale kachikanda, ndipo chimene chikumuwawa n'choti sanamukande.

Tsiku lina masana ndinawaona m'maganizo atagwa pansi pa bwato, ndipo sindinathenso kukhala. Ndinatunga ndowa, ndinatenga chikho, n'kutsikira kugombe. Abambo ena anali pamthunzi wa mkuyu akusoka maukonde, milomo itauma, a Bakari ali pakati pawo. Amuna anga okha ndiwo anali padzuwa, atagwada pambali pa bwato, akukhomerera thonje m'mipata ya matabwa. Phula linali kuwira pamoto pafupi nawo. Dzanja lina linali litagwira m'nthiti.

Ndinatula ndowa, ndinatunga chikho, ndinawapatsira. "Imwani."

Sanatembenuke. "Bwererani kunyumba, mayi a Rahila. Mukuyesa anthu ofunga."

"Ndikuyesa inu nokha. Imwani."

"Alamu, asiyeni," anafuula a Bakari ali pamthunzi. "Munthu wathanzi ameneyo. Ngakhale thadzi lanu linameza matenda ake onse osatsamwa."

Anaseka. Kuseka kumeneko n'kumene kunandidula chingwe. Ndinatembenuka, chikho chili m'manja, n'kuyenda mpaka pamthunzi paja.

"A Bakari, munafunsa khomo. Lero ndikuuzani khomo. Kachitsulo kotalika chonchi," ndinatambasula mkono, "kanalowera pamene mumatayira madzi. Eya, pomwepo. Nonsenu muli napo, musandiyang'ane ngati simukupadziwa. Kanakwera mpaka m'kati, kanakola mwala, kanaukokera kunja kudzera momwemo. Atadzuka ankataya magazi, akuluma pilo kuti odwala anzawo asamve. Impso ali nayo imodzi. Imodzi! Muli mwala winanso. Dokotala anati akapanda kumwa itseka, ndipo ikatseka mudzamunyamula ndi inu nomwe mukusekanu. Tsopano sekani."

Palibe anaseka. Singano zosokera maukonde zinaima. Ndinaona abambo akuluakulu, andevu zaimvi, akubweretsa mawondo pamodzi pang'onopang'ono. Mmodzi anagwira pakamwa. A Bakari nkhope inasintha, anadzuka, anayenda kupita pabwato paja osavala n'komwe nsapato.

"Asitagafirula. Fakiri, n'zoona zimenezi?" Mawu awo anali atatsika. "Mbale wanga, ine mpeni ndinaumva, koma izo ayi. Izo ine sindikanalola. Imwa. Imwa pompano, ine ndikhala mboni kumzikiti. Wina akalankhula adzalankhule ndi ine."

Ndinati zatheka. Ndinathamanga ndi chikho chija n'kuchiika m'manja mwa amuna anga, ndipo anachilandira. Anaimirira pang'onopang'ono. Anayang'ana a Bakari, anayang'ana abambo a pamthunzi, amene onse maso awo anali atatsikira malo amodzi pamkanjo wawo.

"Mkazi uyu dzuwa lamulowa m'mutu," anatero mokweza. "Palibe chinandilowa ine. Anandipatsa mankhwala akumwa, kamwala kanatuluka kokha. Sindikudwala, ndipo ndafunga."

Anapendeketsa chikho. Madzi anagwera pamchenga n'kuzimirira nthawi yomweyo.

Apo ndiye ndinaona kuti ndakumana nazo. Poyamba ankakana kumwa poopa kuti anthu anena kuti sakudwala. Tsopano ankakana poopa kuti akamwa avomereza zimene ndinanena. Anthu ena amati ndinalakwa kuulula. Mlamu wanga anabwera kudzandiuza kuti mkazi wolongosoka satero. Ndinamuyankha kuti mkazi wolongosoka ameneyo akonzeretu nsalu yamaliro, ndipo mpaka lero sindinapepese kwa aliyense.

Kunyumba anasiya kundilankhula. Dzuwa likalowa ankamwa kapu imodzi, yachiwiri n'kuikankhira kutali ndi chala, osandiyang'ana. A Bakari anayamba kubwera tsiku ndi tsiku kudzawachonderera, ndipo kubwera kwawoko kunkangowonjezera moto. Munthu amene ankawaseka tsopano ankawamvera chisoni, ndipo kwa a Fakiri chisoni cha a Bakari chinali chowawa kuposa chipongwe chawo.

Ululu unabwerera m'mawa wina ali pafupi kunyamula bokosi la zida. Anagwada pakhomo, anakukuta mano, anasanza. Koma chimene chinandiopsa sichinali ululuwo. Analowa kubafa, anakhalitsa, ndipo ine ndili kuseri sindinamve kanthu. Masana chimodzimodzi. Tsiku lotsatira maso anatupa, mapazi anatupa, ntchirichiri inawagwira osaleka, ndipo anayamba kunditchula dzina la mayi awo. Pamenepo madzi ndinkawathira mkamwa osakana, koma analibenso kotulukira.

Pa boma anangowagwira pamimba n'kunena kuti apite ku Lilongwe msanga. Ambulansi inali itatuluka ndi wodwala wina. Malole ambiri anali atatengedwa kukanyamula amayi okavina kumsonkhano wa chipani. Ndinaima pamsewu osadziwa kolowera, ndipo amene anathamanga tauni yonse ndi mimba yawo yosokayo, ali chifungire, anali a Bakari. Anapeza lole ya mpunga yopita ku Lilongwe, anamugwadira dalaivala, anabereka amuna anga kumsana n'kuwagoneka pamatumba. Njira yonse anawagwirizira mutu pamiyendo, akuwatukwana motsitsa. "Chitsiru iwe. Ukafa ndidzapikisana ndi ndani?"

Dokotala wa ku Lilongwe anali Mmalawi, wamfupi, wachangu, wosanyengerera. Anayang'ana chithunzi chatsopano n'kugogoda ndi chala.

"Mwala watsika, waima kumtunda. Kachitsulo ka ku Blantyre kuno tilibe, ndipo kakanakhalapo sikakanafika pamenepa. Tidula, ndipo tidula lero. Sindikulonjeza kanthu." Kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Munthu wa impso imodzi, padzuwa limeneli, osamwa madzi. Mayi, inu munali kuti? Simunamuuze?"

Ndinali kuti! A Bakari anandigwira paphewa n'kunditulutsa panja ndisanalankhule zoti andimange.

Ndinakhala pabenchi ya pakhonde la chipatala, ndikupemphera ndi theka la mtima, theka lina ndikukonza mawu oti ndidzawauze akadzuka. Ndinkaopa kuti afa. Ndinkaopanso kuti afa ndisanawauze. Atawatulutsa anali otuwa, diripi kumkono, kapaipi kotsikira m'botolo pansi pa bedi. Namwino anandiuza kuti ndiziyang'ana botololo. Ndinakhala pansi pasimenti n'kumaliyang'ana. Poyamba munalibe kanthu. Kenako dontho linatsika, lofiira, kenako lina, kenako kamzere. Sindinaganizepo kuti ndingalire ndi chimwemwe chifukwa cha mkodzo wa munthu, koma ndinalira, namwino mpaka kundibweretsera mpando.

Atayamba kuzindikira anthu, dokotala anabwera n'kulankhula mosabisa. Impso yapulumuka, koma yavulala ndipo sidzabwerera mwakale. Ntchito ya padzuwa yatha. Kufunga kwatha, chaka chino ndi zaka zonse. Amuna anga anamvetsera maso ali kudenga. Ndinadziwa kuti akuganiza za bwato losamaliza lija ndi nyundo imene anaigwira kuyambira ali mnyamata, ndipo mawu onse ndinakonza pabenchi aja anandithawa.

Ramazani inali isanathe pamene anawachotsa diripi. M'mawa umenewo namwino anamasulanso bandeji kuti bala lipume, anaika jagi yodzaza pakatebulo, n'kunena kuti pofika masana ikhale itatha. Ndinathira m'kapu n'kuwakwezera mutu.

"Dikirani," anatero amuna anga.

"Ndidikire chiyani?"

"Dikirani pang'ono, mayi a Rahila."

Anatembenuzira nkhope kukhoma. Ndinamva magazi akukwera kumutu. Ndinawauza kuti ndawatsatira ku Blantyre, ndawatsatira ku Lilongwe pamatumba a mpunga, koma kumanda apita okha. Ndinawauza kuti ndiitana dokotala wamfupi uja adzawatsine mphuno. Odwala a m'mabedi ena anadzutsa mitu. Amuna anga anangotembenuzira maso pakhomo la wodi, milomo itang'ambika. Kapu inatenthera m'manja mwanga.

Belu la nthawi yozonda litalira, analowa a Bakari, amene masiku onsewo ankagona kwa abale awo mumzinda. Pambuyo pawo panali a Shehe Ibrahimu ndi abambo ena a pamthunzi paja, atavala mikanjo yoyera yodetsedwa ndi fumbi la ulendo, onse ali chifungire. Anapereka salamu n'kuzungulira bedi. Palibe anapempha kuona kanthu. Ankayang'ana pansi, kudenga, pajagi.

Amuna anga anadzikoka n'kugonera kumanzere, akubuula.

"Mayi a Rahila," anatero ndi mawu osasa, "kwezani malaya."

Ndinawayang'ana. Ndikanakhala ndi dzanja lachitatu ndikanawamenya nalo. Ndinakweza.

Balalo linayambira kumsana, linatsata m'munsi mwa nthiti n'kukhotera kumimba, lotupa, lofiira, ulusi wakuda utaluma mnofu. Abambo aja anapuma mokoka. A Shehe ananong'ona dzina la Mulungu. A Bakari anawerama, anatambasula chala chachikulu ndi chapakati pamwamba pa bala osalikhudza, anayeza kamodzi, anasuntha dzanja n'kuyezanso, bala likadalipo. Anaweramuka pang'onopang'ono, maso atanyowa.

"Wandiposa, Fakiri."

Apo amuna anga anatsegula pakamwa. Ndinaika kapu pamilomo yawo, madzi ena akutsikira m'ndevu, dzanja langa linalo litagwirabe malaya m'mwamba. Anamwa pang'onopang'ono, dzuwa lili pamutu, kholingo likukwera ndi kutsika, maso awo ali pamwamba pa kapu akuyendera nkhope za anzawo mmodzimmodzi.